Madzi, dzimbiri ndi hita: mmene galimoto yakale yaliwiro imabwezeredwa pamsewu

Pa MGB, galimoto yakale yaliwiro ya ku England, pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo, pali kasefa kachitsulo konyezimira. Mpweya wopita ku hita umalowera pamenepo, ndipo mvula nayo imalowera pomwepo. Amene anapanga galimotoyi ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pansi pa kasefako anaikapo kabokosi kolandira madzi ndi kapaipi ka labala kowatayira kunja. Koma zaka zikamapita, fumbi ndi masamba zimatseka kapaipiko. Madzi amayamba kuima m'kabokosi muja, amadya chitsulo, kenako amadonthera kumapazi kwa anthu okhala m'galimoto. Kalapeti imamwa madziwo, pansi pamakhala ponyowa miyezi yathunthu, ndipo dzimbiri limakwawa mpaka kukafika pa zitsulo zimene zimagwira galimoto yonse kuti isapindike pakati.

Ndayambira pa kapaipi kameneka chifukwa anthu ambiri akamaganiza zokonzanso galimoto yakale yaliwiro amaika kuwongola bodi patsogolo, injini pambuyo pake, ndipo hita amaisiya kuti adzaione zonse zikatha. Kwa ine kumeneko n'kulakwitsa. Bodi ndi hita ndi nkhani imodzi, nkhani ya madzi ndi mpweya: kumene zimalowera, kumene zimadutsa, ndi kumene zikuyenera kutulukira. Munthu amene wamvetsa njira zimenezi amakonza galimoto kamodzi. Amene sanazimvetse amadzaona matuza akutuluka pa penti watsopano zaka zochepa zisanathe.

Magalimoto amene tikunena pano ndi aja ang'onoang'ono, afupi, a mipando iwiri, ambiri a iwo opanda denga lachitsulo. MGB inapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo inatuluka yoposa 500,000. Triumph Spitfire ndi ya zaka zomwezo. Jaguar E-Type inaonetsedwa koyamba ku Geneva mu 1961, Porsche 911 ku Frankfurt mu 1963, ndipo Datsun 240Z inatuluka ku Japan mu 1969. Bungwe la FIVA, limene limayang'anira za magalimoto akale padziko lonse, limati galimoto imalowa m'gulu la zakale ikakwanitsa zaka 30. Amenewa anadutsa malire amenewo kalekale, komabe palibe mwa opanga ake amene ankaganiza kuti adzakhala akuyenda mpaka lero. M'kati mwa zitsulo zamphako penti sankafika bwino, mwina sankafika n'komwe. Misewu ya ku Britain, kumpoto kwa Ulaya ndi kumpoto kwa America imathiridwa mchere m'nyengo yozizira kuti madzi oundana asungunuke, ndipo madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri koopsa. Kampani ya Porsche inayamba kukuta bodi yonse ya 911 ndi zinki pa magalimoto a chaka cha 1976. Aja a m'mbuyomo amawola ngati ena onse.

Chimene chimagwira galimoto yopanda denga

Magalimoto akale kwambiri, monga MGA imene inatsogolera MGB, anali ndi chassis, mafupa a zitsulo zokhuthala, ndipo bodi inkangomangiriridwa pamwamba ndi mabawuti. MGB ilibe chassis yoteroyo. Bodi yeniyeniyo ndiyo mafupa: malata opyapyala opindidwa ndi kuwotchereredwa mwakuti apange timabokosi tolimba. Tengani katoni yotseka bwino muyese kuipotokola, ikana. Chotsani chivundikiro chake, ipotokoka mosavuta. Galimoto yopanda denga ili ngati katoni yachiwiriyo, choncho mphamvu yonse imene denga likanapereka iyenera kuchokera pansi, makamaka pa zitsulo ziwiri zazitali za m'munsi mwa zitseko, zimene amisiri amazitcha ma sill.

Sill ya MGB si chitsulo chimodzi. Pali lata lakunja limene maso amaona, lina loimirira pakati, lina lam'kati kumbali ya mipando, ndi lina lapansi lotseka bokosi lonse. Kutalika kwake kumapitirira pamene chitseko chathera. Imalowa kuseri kwa phiko lakutsogolo, lomwe ndi lata lophimba tayala, ndi kuseri kwa phiko lakumbuyo. Matope amaunjikana m'malo obisikawo, ndipo dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja. Mukaona katuza pa penti wa sill, dziwani kuti lata la pakati linatha kale.

Pamenepa ndi pamene chinyengo chambiri chimachitikira. Kusintha sill moyenera kumafuna kumasula phiko lakutsogolo ndi kudula m'munsi mwa phiko lakumbuyo, ntchito ya masiku ambiri. Wofuna kugulitsa msanga amangowotcherera lata latsopano pamwamba pa lowolalo, n'kumata fila, phala louma losalazira bodi, n'kupopera penti. Chikomekome cha mkuyu chimenecho chimanyenga ngakhale anthu odziwa magalimoto, ndipo chimandipweteka mtima chifukwa amene adzaigule adzayenda nayo pa liwiro ali ndi chikhulupiriro choti yalimba. Pali njira zosavuta zozindikirira. Maginito ofooka amakakamira pa chitsulo koma amagwa pamene pali fila wokhuthala. Mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi uyenera kukhala wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ukakhala wothina pamwamba ndi wotakata pansi, galimoto yayamba kugwa pakati. Ndipo mukaikweza ndi jeke chitseko n'kuyamba kuvuta kutseka, yankho mwalipeza.

Spitfire ili ndi chassis, koma ndi yopapatiza, yodutsa pakati ngati msana, choncho ma sill ake nawo amanyamula katundu. E-Type ili pawiri: kumbuyo ndi bodi yodzigwira yokha, kutsogolo kuli mafupa a mapaipi opyapyala onyamula injini, olumikizidwa ndi mkuwa wosungunula. Mapaipi amenewo akachita dzimbiri kapena kupindika, amisiri odziwa sawakonza, amaika ena. Lotus Elan ndi Chevrolet Corvette zili ndi bodi ya fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, imene siichita dzimbiri, koma chitsulo chimene chili pansi pake chimawola mwakachetechete, ndipo bodiyo imachita ming'alu yonga ukonde wa kangaude imene imatulukanso pa penti ngati sinakumbidwe mpaka pamene yathera.

Kumasula galimoto kumakoma ndipo kumafulumira, n'chifukwa chake magalimoto ambiri amathera m'makatoni osabwereranso. Chilichonse chijambulidwe chisanamasulidwe, mabawuti aikidwe m'timatumba tolembedwa, ndipo ngakhale labala wong'ambika asatayidwe mpaka watsopano atafika n'kuyerekezeredwa. Kenako penti yense ndi phula lapansi zichotsedwe kuti chitsulo chioneke mmene chilili. Ena amawomba bodi ndi timiyala kapena tizidutswa ta galasi pogwiritsa ntchito mpweya wamphamvu. Njirayi ndi yabwino pansi ndi m'makona, koma pa malata otakata monga boneti ndi zitseko imatha kuwafutukula mpaka kukhala mafunde osawongoleka, ndipo fumbi la mchenga wamba limawononga mapapo. Ena amamiza bodi yonse m'mankhwala odya penti ndi dzimbiri, amene amafika m'mphako zonse, koma akapanda kutsukidwa bwino amatsalira m'mipata ya zitsulo n'kudzatuluka pambuyo pake kuwononga penti.

Asanadule sill, mmisiri amayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko ndi m'kati mwa bodi kuti isasunthe. Amakonza mbali imodzi kaye, inayo ikugwirabe. Zitseko amazibwezera pafupipafupi kuti aone mipata, chifukwa sill imaikidwa motsatira chitseko. Lata la bodi ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo kutentha kwa moto wowotcherera kumalipinda msanga. Choncho sawotcherera mzere wautali kamodzi. Amadontheza kadontho apa, kena patali, kudikira pazizire, kubwereranso, mpaka madontho onse atakumana. Pamene fakitale inalumikiza malata ndi timadontho ta magetsi, iye amaboola timabowo pa lata lapamwamba n'kutidzaza ndi moto kuti tigwire lapansi. Chigamba chabwino chimadulidwa kukula kofanana ndi bowo, milomo n'kukumana; chigamba chosanjikiza pamwamba chimasiya mpata wosunga madzi, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo. Thanki ya petulo ndi mapaipi ake zimachotsedwa moto usanayatsidwe, ndipo phula lakale lotsalira m'mphako limayaka mosavuta.

Kale mafakitale ankasalaza malumikizano ndi mtovu wosakaniza ndi tini, ndipo amisiri ena amatero mpaka pano chifukwa mtovu sumwa madzi ndipo susweka m'mphepete mwa chitseko. Koma fumbi lake ndi poizoni, sukhulidwa ndi makina. Fila wamasiku ano alibe vuto akakhala wopyapyala, wongotseka tizigwa totsala nyundo itamaliza ntchito yake. Vuto limabwera akamagwiritsidwa ntchito m'malo mwa nyundo. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, monga pa Austin-Healey 3000 imene pakati pake ndi pa aluminiyamu koma mapiko ndi achitsulo, madzi akalowa pakati aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Pamenepo pamafunika chotchinga pakati pa ziwirizo.

Nthawi zina bodi imakhala itatheratu. Eni MGB ali ndi mwayi umene ena alibe: kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage imapanga mabodi atsopano pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zinkagwiritsidwa ntchito kale. Ena amati galimoto yotero si yomwe ija. Ine ndimati ndi bwino kuona injini, giyabokosi ndi mipando yakale zikuyenda m'bodi yolimba kusiyana ndi kuziona zili pa zigamba makumi asanu, bola mwiniwake azinena zoona pogulitsa ndipo atsate malamulo a dziko lake pa nambala za galimoto.

Penti asanapoperedwe, galimoto imangidwe kaye pafupifupi yonse: zitseko, boneti, magalasi, nyali, mabampa, denga la nsalu, bokosi la hita ndi mapaipi ake. Bowo lililonse lofunika libooledwe pa nthawi imeneyi, chifukwa bowo loboola penti atauma limasiya mlomo wa chitsulo uli pamtunda. Chimenechi ndicho chifukwa chake zosintha zonse ziyenera kuganiziridwa bodi ikadali chitsulo chokha. Kenako imamasulidwanso, n'kupakidwa penti woyamba wa epoxy amene salola madzi kudutsa. Penti wamakono wosakaniza ndi mankhwala oumitsa ali ndi ma isocyanate amene amayambitsa mphumu yosachoka, ndipo kachophimba pakamwa ka pepala sikateteza. Pamafunika chigoba cholandira mpweya wabwino kuchokera kunja. Pomaliza, m'mphako zonse mumapoperedwa phula lamadzimadzi monga Waxoyl kapena Dinitrol, ndipo timabowo totulutsira madzi pansi pa ma sill ndi zitseko timatsegulidwanso ndi kawaya, chifukwa phula lomwelo limatha kutitseka.

Kutentha kochokera m'madzi a injini

Injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ya mafuta ngati kutentha. Mwachidule, gawo limodzi mwa magawo atatu limatuluka ndi utsi, lina limapita m'madzi oziziritsa injini, ndipo lotsalalo ndilo limayendetsa matayala. Hita imangobwereka pang'ono pa kutentha kumene kukanatayidwa ku rediyeta. Paipi imatenga madzi otentha ku injini kupita nawo ku karediyeta kakang'ono kali m'bokosi pafupi ndi dashibodi, fani imakankha mpweya kudutsa pa karediyetako, ndipo timazenera ta m'bokosi timatumiza mpweyawo kumapazi kapena ku galasi. Mahita oyambirira ankangozunguza mpweya wa m'galimoto momwemo, ndipo magalasi ankachita nthunzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya Nash ku America inabweretsa hita yokoka mpweya wakunja, ndipo njira imeneyo ndiyo inafala. Pa magalimoto ambiri aliwiro a ku Britain hita sinkabwera yokha; wogula ankaiitanitsa payokha, ndipo yambiri inali yopangidwa ndi kampani ya Smiths.

Hita ya galimoto yakale ili ndi mbiri yoti ndi yofooka, koma nthawi zambiri imene anthu amaiweruza ndi hita yodwala. Kuipima sikufuna zida. Injini ikatentha bwino ndipo vavu ya hita ili yotsegula, gwirani mosamala mapaipi awiri opita ku bokosi. Onse akakhala otentha, madzi akuyenda, ndipo vuto lili kumbali ya mpweya. Imodzi ikakhala yotentha inayo yozizira, karediyeta katsekeka ndi matope a dzimbiri, kapena vavu sikutseguka, kapena m'kati mwatsekeredwa mpweya, chifukwa karediyetako kamakhala pamalo okwera pamene mpweya umakonda kusonkhana madzi akangosinthidwa. Onse akakhala ofunda chabe, yang'anani thermostat.

Thermostat ndi kavavu kamene kamatseka njira yopita ku rediyeta yaikulu mpaka madzi atafika pa kutentha koyenera, kawirikawiri madigiri 82 kapena 88 pa injini za mtundu uwu. Anthu ambiri amaichotsa injini ikayamba kuwira, poganiza kuti athetsa vuto. Chimene chimachitika n'chakuti m'nyengo yozizira injini siifika pa kutentha kwake, imamwa mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo hita imangopuma mpweya wofunda pang'ono. Chimene chinayambitsa kuwirako, kaya ndi rediyeta yotsekeka kapena matope m'njira za madzi za injini, chimakhala chilipobe. Matopewo amabwera chifukwa chothira madzi okha. Mankhwala osakaniza ndi madzi a injini, a ethylene glycol, sateteza ku kuundana kokha. Ali ndi zoletsa dzimbiri zimene zimatha mphamvu pakapita zaka, choncho amafunika ngakhale kumene sikuzizira. Mankhwalawa ndi poizoni ndipo amatsekemera, asasiyidwe poti ana kapena ziweto zingafike. Fungo lake lotsekemera likamveka m'galimoto, galasi n'kumachita nthunzi yamafutamafuta, karediyeta ka hita kabooka, ndipo madziwo akupita pansi pa kalapeti.

Pa MGB vavu ya hita inaikidwa pa injini, pamwamba penipeni pa distributor, chida chogawa moto ku mapulagi. Labala wa m'vavuyo akang'ambika madzi amadonthera pa distributor ndipo injini imayamba kutsokomola kapena kuzima. Makaniko wosaidziwa galimotoyi atha kutha tsiku akufufuza mawaya ndi kabuleta pamene wolakwa ndi hita.

Kumbali ya mpweya, zolakwika zake n'zazing'ono koma zimaunjikana. Siponji imene inkatseka mpata pakati pa karediyeta ndi bokosi imasanduka fumbi, ndipo mpweya umazungulira m'mbali osadutsa pa kutentha. Makebulo a timazenera amatakasuka, chogwirira n'kumaloza ku galasi pamene kazenera katseguka theka. Mawaya akale ndi malumikizano a dzimbiri amadya magetsi, fani n'kumazungulira mwaulesi. Palinso msampha wina. Magalimoto ambiri a ku Britain, kuphatikizapo MGB mpaka 1967, ankalumikiza mbali ya positive ya batire ku bodi, ndipo eni ake ambiri anawatembenuza kuti agwirizane ndi zida zamakono. Ngati mota ya fani ndi ya maginito, kutembenuzako kumaichititsa kuzungulira chobwerera. Fani yooneka ngati ng'oma ikamazungulira chobwerera imakankhabe mpweya kumbali yomweyo, koma wochepa kwambiri, choncho munthu amamva phokoso ndi kamphepo n'kuganiza kuti ndi mmene inapangidwira. Kungosinthanitsa mawaya awiri kumabweza mphamvu yake.

Zonsezi zikakonzedwa, bodi imabwereranso m'nkhani. Khoma la pakati pa injini ndi anthu lili ndi mabowo ambiri odutsa mawaya ndi makebulo, ndipo lililonse likasowa labala wake limalowetsa mphepo yozizira m'nyengo yozizira, kutentha ndi fungo la oyilo m'nyengo yotentha. E-Type ndi Austin-Healey 3000 zimadziwika ndi kuwotcha mapazi chifukwa ekizosi ndi giyabokosi zili pafupi kwambiri ndi miyendo. Zotchinga kutentha zimathandiza, koma zisankhidwe zosamwa madzi. Nsalu zaubweya zimene zinkaikidwa pansi pa kalapeti kale ndizo zinawoletsa pansi pa magalimoto ambiri.

Pamene injini ilibe madzi

Porsche 356, Porsche 911 mpaka 1998, ndi Volkswagen Karmann Ghia zili ndi injini kumbuyo, yoziziritsidwa ndi mpweya. Madzi otentha palibe, choncho kutentha kumatengedwa ku ekizosi. Mapaipi a utsi amakutidwa ndi chikopa cha lata, fani ya injini imakankha mpweya pakati pa paipi ndi chikopacho, ndipo mpweya wotenthawo umayenda ulendo wonse kupita kutsogolo kudzera m'mapaipi obisika m'ma sill. Pa Volkswagen Beetle njira ya mpweya wa hita ili m'kati mwa chitsulo chenicheni chimene bodi imakhalirapo. Hita ndi mafupa a galimoto zakumana pamalo amodzi, ndipo kusintha kwa kutentha ndi kuzizira m'menemo kumapanga chinyontho chimene chimadya chitsulo kuchokera m'kati. Amene akusintha sill ya galimoto yotere aikiretu mapaipi a hita atsopano, chifukwa akatseka bokosilo sadzawafikanso.

Pa mtundu uwu ndimalankhula molimba, chifukwa pali moyo wa munthu. Chimene chimalekanitsa utsi ndi mpweya wopuma anthu ndi khoma limodzi la paipi. Likabooka ndi dzimbiri, mpweya wa carbon monoxide umalowa m'galimoto. Ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umakakamira ku magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Woyendetsa amamva mutu, tulo, chizungulire, ndipo mwina sazindikira kuti chavuta n'chiyani. Zikopa za hita zakale zokayikitsa zisawotchereredwe zigamba, zisinthidwe, makamaka ndi za chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo kachipangizo kochenjeza za carbon monoxide kakhale m'galimoto nthawi zonse. Oyilo wodontha pa zikopazo amabweretsa fungo lopserera m'kati. Si woopsa ngati utsi, koma amaphunzitsa mphuno kuzolowera fungo, ndipo kuzolowera kumeneko n'koipa.

Popeza kutentha kwa mtunduwu kumadalira liwiro la injini, pamzere wa magalimoto mumazizira ndipo pamsewu waukulu mumapsa. N'chifukwa chake magalimoto ena ankakhala ndi hita yowonjezera yoyaka petulo, ya Eberspächer kapena Webasto, yokhala ndi moto wakewake. Yakale ya zaka makumi asanu isayatsidwe isanaonedwe ndi katswiri wake.

Zosintha, ndi malire ake

Pali anthu amene amafuna bawuti aliyense akhale monga anatulukira ku fakitale, ndipo pali ena, monga kampani ya Singer ku California imene imamanganso ma 911, kapena Eagle ku England pa E-Type, amene amasunga maonekedwe n'kusintha pafupifupi china chilichonse. Chikalata cha FIVA chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, chimalimbikitsa kuti zosintha zikhale zolembedwa ndiponso zoti n'kubwezeka. Ine ndimagwirizana nacho. Chida chomangidwa ndi mabawuti, chakalecho n'kusungidwa pa shelefu, sichilanda kanthu kwa amene adzakhale ndi galimotoyo m'tsogolo. Kudula bodi n'kosiyana.

Zosintha zina zimangoyankha dziko limene lasintha. Petulo wa galimoto wa mtovu analeka kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, Algeria ndiyo inali yomaliza, ndipo popanda mtovuwo injini zakale za mutu wachitsulo zimafuna kuti malo amene mavavu amakhalapo alimbitsidwe. Petulo wosakaniza ndi ethanol amadya mapaipi a labala akale, amene ayenera kusinthidwa moto usanabuke. Mabuleki a njira imodzi amatha onse paipi imodzi ikaphulika. America inayamba kufuna a njira ziwiri pa magalimoto a 1968, ndipo kuwaika pa galimoto yakale ndi nzeru. Malamba a mipando amafuna chitsulo cholimba pomangirira, nkhani inanso yoganizira penti asanafike. Wofuna kuwonjezera mphamvu ayambe ndi mabuleki, matayala ndi masipuling'i. MGB inali ndi injini ya 1798cc ya mphamvu ya mahatchi pafupifupi 95, ndipo kampani ya MG yomwe inaikamo injini ya V8 ya Rover ya malita 3.5 kuyambira 1973 mpaka 1976. Injini ya aluminiyamu imeneyo siilemera kuposa yachitsulo ija, n'chifukwa chake anthu amaikonda mpaka lero, koma imatulutsa kutentha kochuluka m'chipinda chopanikiza, ndipo njira ya madzi ndi mpweya iyenera kuganiziridwanso yonse. Malamulo nawo amalowapo: ku Britain, kuyambira 2018, galimoto ya zaka zoposa 40 siikakamizidwa kupita kukayezedwa chaka ndi chaka, koma mwayi umenewo sukhudza galimoto imene yasinthidwa kwambiri.

Pa hita, zosintha zothandiza ndi karediyeta ka timapaipi tambiri ndi fani yamphamvu, zonse zolowa m'bokosi lakale mwakuti maso saona kusiyana. Pa galimoto yopanda denga, mawaya otenthetsa mipando obisika pansi pa chikopa amachita zimene hita singathe, chifukwa mpweya wotentha umauluka koma mpando umakhudza msana. Zimenezi zimafuna magetsi, ndipo dayinamo ya Lucas C40 ya magalimoto ambiri a nthawiyo inkapereka ma amp 22 okha, n'chifukwa chake anthu amaika alitaneta pamodzi ndi mafyuzi ndi ma relay owonjezera, timaswichi toyendera magetsi. Koma timahita tamagetsi tolumikiza ku batire sitingalowe m'malo mwa hita ya madzi. Ka ma watt 150 kamakoka ma amp oposa 12 pa ma volt 12 n'kungofunditsa zala, pamene kuti mupeze ma watt 3,000 mungafunike ma amp 250.

Masamu omwewo amakumana ndi amene amachotsa injini n'kuikamo mota yamagetsi, monga Jaguar inachitira pa E-Type Zero mu 2017. Mota yamagetsi siitaya kutentha kokwanira kufunditsa anthu, choncho hita imayenera kudya ku batire lalikulu lomwe likuyendetsa galimoto, ndipo mtunda umachepa m'nyengo yozizira. Mu 2019 FIVA inanena kuti galimoto yosinthidwa chotero siiwerengedwanso ngati galimoto yakale malinga ndi tanthauzo lake. Kaya munthu asankha njira iti, hita yogwira ntchito imafunikabe, chifukwa ndiyo imachotsa nthunzi pa galasi kuti woyendetsa aone msewu.

Ntchito yomaliza imachitika kalapeti ndi mipando zisanalowe. Denga la nsalu limakwezedwa, magalasi amatsekedwa, munthu mmodzi amakhala m'kati ndi tochi, wina amathira madzi ndi paipi kuyambira pansi kukwera pang'onopang'ono: zitseko, m'mphepete mwa galasi, denga, kenako pa kasefa ka hita kaja. Madzi a pa kasefa ayenera kutuluka pansi pa galimoto nthawi yomweyo. Dontho lililonse looneka m'kati limatsatidwa mpaka pamene lalowera. Kenako injini imayatsidwa mpaka thermostat itatseguka, vavu ya hita ili yotsegula, madzi amawonjezeredwa injini ikazizira, ndipo pepala louma limaikidwa pansi pa bokosi la hita usiku wonse. Likapezeka louma m'mawa, kalapeti ikhoza kuyalidwa.